Madzi saiwala khwawa: zimene mantha amalemba mu ubongo wa mbewa

Aliyense amene adakulira kumudzi, nagwirapo khasu m'chilimwe kukakumba mbewa, akudziwa kanthu kamodzi za kanyama aka. Chithunzithunzi cha kabawi chikadutsa pamwamba, mbewa imene ili kutali ndi una wake sithawa nthawi zonse. Kawirikawiri imangouma gwa pomwe ilipo, osagwedeza ngakhale ndevu, nthiti zokha n'kumakwera ndi kutsika. Tili anyamata tinkati yapusa. Sidapuse ayi. Mbalame yolusa imaona msanga chinthu choyenda, choncho kuumako ndi nzeru imene mbewa imabadwa nayo.

Koma alipo mantha ena amene mbewa sibadwa nawo. Imachita kuwaphunzira, monga momwe ifenso timawaphunzirira, ndipo ndi mantha amenewa amene ndafuna kuti tikambirane lero.

Chandichititsa ndi ichi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nasakaza ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena akummwera. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mmodzi mwa opulumuka ndi mayi wina amene ndimamudziwa, koma dzina lake ndilisunga. Iye tsopano amakhala pamalo okwera bwino, m'nyumba ya njerwa zootcha, kutali ndi phiri ndi mtsinje. Komabe mvula ikangoyamba kuwaza pamalata usiku, amadzambatuka, mtima uli thi thi thi, manja ali njenjenje, ndipo sagonanso mpaka tambala kulira. Iye mwini amadziwa bwino lomwe kuti pamene alipo madzi sangafike. Anthu omufunira zabwino adamuuza kuti aiwale zakale, ena nati chikhulupiriro chake n'chochepa. Mawu achiwiriwa ndiwo adamupweteka koposa mvulayo, moti adaleka kuuza anthu zimene zimamuchitikira.

Kodi n'chifukwa chiyani thupi limakana kumvera chimene mutu ukudziwa? Yankho lina, lodabwitsa ndithu, lachokera kutali ndi kuno, m'zipinda zofufuziramo za m'mayunivesite a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, komwe akatswiri akhala akuyang'ana mkati mwa ubongo wa mbewa ndi makoswe pamene tinyamati tikuphunzira kuopa.

Njira yawo ndi yosavuta kuimvetsa. Amaika mbewa m'kabokosi kamene pansi pake pali timawaya tachitsulo. Mbewa imayendayenda, kununkhiza uku ndi uku monga mwa khalidwe lake. Kenaka amaliza kaphokoso kokhala ngati mluzu kwa masekondi 20 kapena 30. Mluzu paokha suiopsa mbewa. Imangotchera khutu n'kupitiriza zake. Koma mluzuwo ukamatha, amadutsitsa nyesi yofooka ya magetsi m'timawaya tija kwa sekondi imodzi kapena awiri, yongokwanira kuidzidzimutsa kumapazi, yosaivulaza. Akachita zimenezi kangapo, ngakhale kamodzi kokha, zatha. Mawa lake, mbewa ili m'bokosi lina lachilendo, popanda magetsi aliwonse, mluzu ukangolira imauma gwa ngati yaona kabawi. Akatswiri amawerenga masekondi amene yakhala chiumire, ndipo umenewo ndiwo muyeso wawo wa mantha.

Ndivomereze kuti ndikamawerenga izi mtima suti mbee. Kanyama kakuzunzika kuti ife tidziwe. M'maiko amenewa muli malamulo ndi makomiti oona kuti nyama zisazunzidwe mopyola muyeso, koma ngongole ilipo ndithu, ndipo njira imodzi yoibweza ndiyo kusataya zimene zapezekazo.

Funso lalikulu ndi lakuti, chasintha n'chiyani mkati mwa mbewa pakati pa dzulo ndi lero? Mluzu ndi womwewo, makutu ndi omwewo. Kuti timve yankho, tiyenera kudziwa pang'ono mamangidwe a ubongo.

Ubongo wa mbewa sufika ngakhale theka la galamu kulemera kwake, koma muli maselo onyamula mauthenga pafupifupi 70 miliyoni. Mu ubongo wa munthu alimo pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse limaoneka ngati mtengo wa nthambi zambirimbiri. Limalandira mauthenga kudzera m'nthambizo, n'kuwatumiza kwa anzake kudzera m'chingwe chimodzi chachitali. Pamene chingwe cha selo lina chafika pa nthambi ya linzake pamakhala polumikizira, pomwe uthenga umawolokera. Zolumikizira zambiri zimakhala pa timfundo ting'onoting'ono tomera m'mbali mwa nthambi, ngati minga ya pa mtengo wa mthethe. Kamodzi kutalika kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mutatindandalitsa makumi angapo ndi pomwe tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Woyamba kutiona adali dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, mu 1888, mu ubongo wa mbalame, ndipo adatitcha timinga. Anzake ambiri adamutsutsa, amvekere ndi litsiro chabe la mankhwala amene ankapaka kuti maselo aoneke. Papita zaka zoposa 130, ndipo timinga ta Cajal ndi tomwe tili pakati pa nkhani yathuyi.

Mu 1949 katswiri wa ku Canada, Donald Hebb, adapereka ganizo lakuti maselo awiri akamagwira ntchito nthawi imodzi mobwerezabwereza, polumikizira pawo pamalimba, ndipo kuti kukumbukira kumasungidwa m'kulimba kumeneko. Tifanizire ndi kanjira kodutsa m'munda wa mnzako: wadutsa mmodzi udzu umaweramuka, koma akadutsa ambiri kanjira kamayera, mpaka ndi njinga zomwe kumadutsa. Linali ganizo chabe kufikira mu 1973, pamene Tim Bliss ndi Terje Lømo adafalitsa zimene adapeza ku Oslo, m'dziko la Norway, kuti zolumikizira za mu ubongo wa akalulu zimalimbadi zikagwiritsidwa ntchito mwamphamvu, ndipo zimakhala zolimba kwa maola ambiri.

Amene adalondola njira ya mantha makamaka ndi Joseph LeDoux wa ku New York, kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Pogwiritsa ntchito makoswe, iye ndi anzake adapeza kuti uthenga wa mluzu ndi uthenga wa ululu wa kumapazi umakumana pa kachigawo kakang'ono ka mkati mwa ubongo kotchedwa amygdala, kamene mwa munthu kukula kwake n'kofanana ndi njere yaikulu ya mtedza, kamodzi kumanja kena kumanzere. Kachigawo aka kakawonongedwa, khoswe amamva mluzu bwinobwino, koma saphunziranso kuuopa. Adapezanso kuti uthenga wa khutu umafika kumeneko kudzera m'njira ziwiri: yachidule, yofulumira koma yosasiyanitsa bwino zinthu, ndi yaitali, yodzera kumtunda kwa ubongo komwe zinthu zimasinkhidwa. Ndiye chifukwa chake munthu umalumpha ukaona chingwe m'njira madzulo, kuzindikira kuti si njoka uli kale apo. Mu 1997 gulu lake lidaonetsa kuti khoswe akaphunzira kuopa mluzu, uthenga wa mluzuwo umafika pa amygdala mwamphamvu kuposa kale. Kanjira kayera.

Zonsezi zinali zoyeza ndi mawaya, monga munthu womvetsera kukhoma kuti adziwe zochitika m'chipinda. Kuona ndi maso kudadza pambuyo pake, ndipo apa ndipempha kuti tidekhe pang'ono, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2012 magazini ya sayansi ya Nature idafalitsa kafukufuku wa Cora Lai, Thomas Franke ndi Wen-Biao Gan a pa yunivesite ya New York. Iwo adagwiritsa ntchito mbewa zimene chibadwa chake chidasinthidwa kuti ena mwa maselo a mu ubongo aziwala chikasu akawalitsidwa ndi kuwala kwa laser. Ankagoneka mbewa ndi mankhwala, n'kupala fupa la mutu pamalo aang'ono mpaka litapyapyala moti kuwala kungadutse, osaliboola. Kenaka ndi makina amphamvu oonera tinthu tosaoneka ndi maso ankajambula nthambi imodzi, timinga take tonse tikuoneka. Mbewa inkadzuka n'kubwerera kwa zinzake. Patapita masiku ankaigonekanso, n'kupeza nthambi yomwe ija, n'kuwerenga kuti ndi timinga titi tasowa, ndi titi tamera. Zili ngati mlimi amene wamanga kansalu pa nthambi imodzi ya mango kuti azibwera kudzawerenga maluwa ake, kusiyana kwake n'kwakuti nthambi iyi ili mkati mwa mutu wa chamoyo.

Adayang'ana mbali ya kutsogolo kwa ubongo, chakumphumi. Adapeza kuti mbewa zimene zidaphunzira kuopa mluzu zidataya timinga tambiri pakutha masiku awiri kuposa zinzake, ndipo mbewa imene idataya tochuluka ndi yomwenso inkauma nthawi yaitali mluzu ukalira. Tsono tamvani ichi, chifukwa n'chofunika. Panali gulu lina la mbewa limene lidamva mluzu womwewo ndi kulandira nyesi yomweyo, koma pa nthawi zosiyana, moti mluzu sunkalosera kanthu. Mwa mbewa zimenezi timinga sitidathothoke chotero. Ndiye kuti chodula timinga si ululu paokha ayi, koma kuphunzira kuti ichi chikamveka, icho chikubwera. Mvula pamalata, kenaka phiri kugumuka.

Atatero adayamba kuzimitsa manthawo. Njira yake ndi kuliza mluzu kambirimbiri popanda nyesi, lero, mawa, mkuja, mpaka mbewa italeka kuuma. Atayang'ananso adapeza kuti timinga tatsopano tamera, ndipo tambiri tamera pa nthambi zomwe zija, pafupi kwambiri ndi pomwe padathothoka takale, osapitirira magawo awiri mwa magawo 1,000 a milimita. Ndikaganiza za ichi ndimakumbukira chitsa cha mtengo wodulidwa chimene chimaphukira pambali pa bala lenilenilo.

Koma nkhani sidathere pokoma. Ataziopsezanso mbewazo ndi mluzu ndi nyesi, timinga timene tidayamba kuthothoka tidali tatsopano tija, tomera pa nthawi ya kuchira.

Tisafulumire kunena kuti mantha amangodula basi. Mbali ina ya ubongo, yomwe imalandira zomveka m'khutu, zimachitika mosemphana. Gulu la Mu-ming Poo ku Shanghai lidaonetsa mu 2016 kuti kumeneko kuphunzira mantha kumameretsa zolumikizira zatsopano pakati pa amygdala ndi maselo a kumva, ndipo mu 2018 Lai ndi Gan adapeza kuti kuzimitsa mantha kumachotsa timinga timene mantha adameretsa m'chigawocho. Kwina kudula, kwina kumanga. Ubongo umasintha mamangidwe ake monga mwini nyumba amene mbala zamuthyolera, apa kutseka zenera ndi njerwa, apo kuboola kachibowo kosuzumirira.

Chaka chomwecho cha 2018, ku Seoul m'dziko la South Korea, gulu la Bong-Kiun Kaang lidapeza njira yopaka zolumikizira mitundu yosiyana, kuti zioneke zimene zili pakati pa maselo osunga chikumbukiro chimodzi. Iwo adayang'ana chigawo chotchedwa hippocampus, chomwe chimasunga za malo. Mbewa itaopsezedwa m'bokosi lina, zolumikizira za pakati pa maselo osunga za bokosilo zidachuluka ndi kukula, pomwe za maselo ena oyandikana nawo sizidasinthe chotero. Nyesi ikakhala yamphamvupo, kulumikizanako kunkakhalanso kolimbapo. Amene adaona zoopsa zazikulu sakukokomeza akamati zawo sizichoka msanga.

Kuti chikumbukiro cha mantha chili m'maselo enieni, okhoza kulozedwa ndi chala, zidatsimikizika m'njira yochititsa nthumanzi. Ku Toronto mu 2009 gulu la Sheena Josselyn lidapha timaselo towerengeka ta mu amygdala timene tidasunga mantha a mluzu, ndipo mbewa idaleka kuuopa, ngakhale inkatha kuphunzira mantha ena atsopano. Ku sukulu ya MIT, ku America, Xu Liu ndi Steve Ramirez, pansi pa Susumu Tonegawa, adachita zosemphana. Mu 2012 adadzutsa ndi kuwala maselo osunga mantha, mbewa ili pamalo abata, ndipo idauma. Mu 2013 adafika pochititsa mbewa kuopa bokosi limene sidapwetekedwemo n'kamodzi komwe, pongodzutsa chikumbukiro cha bokosilo pa nthawi imene inkalandira nyesi kwina. Izi n'za mbewa zosinthidwa chibadwa. Palibe dokotala amene angachite zotere pa munthu, ndipo sindikhulupirira kuti tikadafuna.

Tsopano tifike pa chimene chimalefula mabanja ambiri: munthu amaoneka kuti wachira, kenaka tsiku lina zonse n'kubwerera. Ivan Pavlov wa ku Russia adaziona kalekale pa agalu ake, kuti chizolowezi chimene chazimitsidwa chimatha kudzuka chokha pakapita nthawi. Mark Bouton wa ku Vermont adaonetsa kuti khoswe amene mantha ake azimitsidwira m'bokosi lina amayambanso kuopa akamva mluzu womwewo pamalo ena, makamaka pamalo pomwe adapwetekedwera. Ndipo mu 2002 Mohammed Milad ndi Gregory Quirk, ku Puerto Rico, adapeza maselo a kutsogolo kwa ubongo wa khoswe amene amadzuka mluzu ukalira pokhapokha khosweyo ataphunzira kuti mluzu sulinso woopsa. Ntchito yawo ndi kuletsa amygdala. Tanthauzo lake n'lakuti kuzimitsa mantha sikufufuta phunziro loyamba lonse. Mbali ina ya zimene mantha adasintha imabwezeredwa, monga taonera pa timinga tija, koma mbali yaikulu ndi phunziro lachiwiri limene limakhala pamwamba pa loyamba n'kumalipondereza. Loyambalo ndi lamakani, limagwira paliponse. Lachiwiri ndi lamanyazi, limakonda malo ndi nyengo zomwe lidaphunziridwa. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mutha kuwapatutsa ndi mzere, koma mzerewo umafuna kuukwezera chaka ndi chaka.

Pali chodabwitsa china pa ana a mbewa. Mu 2009 Nadine Gogolla, Andreas Lüthi, Cyril Herry ndi mnzawo Pico Caroni, ku Basel m'dziko la Switzerland, adaonetsa kuti mwa tiana tosakwana masabata atatu mantha akazimitsidwa amazimiratu, sabwereranso. Mbewa ikamakula, maselo ena a mu amygdala amakutidwa ndi kanthu konga ukonde, ndipo kuyambira pamenepo mantha amakhala otetezedwa. Atasungunula ukondewo mwa mbewa zazikulu zisanaphunzitsidwe mantha, zidakhala ngati tiana: mantha ankazimitsika osabwerera. Pasapezeke kholo lotenga izi n'kumati mwana wamng'ono tingamuopseze ndi chikwapu kapena ndi nkhani za afisi, adzaiwala. Kafukufukuyu akunena za mluzu umodzi ndi nyesi ya sekondi imodzi, osati za mwana wokulira m'nyumba ya ndewu.

Mwina wina afunsa kuti, ngati mantha amativutitsa chotere, bwanji ubongo umawasunga mouma khosi? Yankho likuoneka pa mayi wina wa ku America amene madokotala a ku Iowa amangomutchula ndi zilembo zakuti S.M. Matenda osowa kwambiri adawononga amygdala yake mbali zonse ziwiri. Mu 2011 ofufuza adalemba kuti atapita naye kusitolo yogulitsa nyama zoweta adagwira njoka mosangalala, ndipo adachita kumuletsa kuti asakhudze zoopsa zenizeni. Nthawi ina usiku munthu adamuika mpeni pakhosi, koma mawa lake adadutsanso malo omwewo. Wakhala akugwa m'ngozi mobwerezabwereza chifukwa palibe chimene chimamukoka malaya. Kunena zoona, ubongo umene umaphunzira msanga ndi kuiwala mochedwa ndi umene umasunga moyo. Mbewa yoiwala kabawi siona chilimwe chachiwiri. Vuto limadza pamene mlonda wakana kuweruka, ngakhale kunja kwacha.

Pano ndiyenera kuika malire, popeza LeDoux mwini wake adawaika. M'zaka zapitazi, makamaka kuyambira mu 2012, wakhala akuchenjeza anzake kuti chimene amayeza mwa mbewa ndi kudziteteza kwa thupi, kuuma, kugunda kwa mtima, ndipo kuti izi n'zosiyana ndi mantha amene munthu amamva n'kuwafotokoza ndi pakamwa. Munthu amaopa ndi zakutsogolo zomwe: sukulu fizi, matenda, ukalamba, imfa. Amakumbukira nkhope za amene adatsala m'matope, nadzifunsa chifukwa chake iye adapulumuka. Zimenezi mulibe m'kabokosi ka timawaya. Koma kudzambatuka kwa usiku kuja, thupi kuthamanga mutu usanaganize, kumeneko tili pamodzi ndi mbewa, popeza zigawo za ubongo zochita zimenezi tili nazo tonse.

Ndipo chithandizo chimene chimagwira ntchito pa anthu chimatsata njira yomwe ija yoliza mluzu popanda nyesi. Chidayamba kale timinga tisanaonedwe tikumera. Mu 1920 John Watson ndi Rosalie Rayner adaphunzitsa khanda kuopa khoswe woyera pomenya chitsulo kumbuyo kwake, chinthu chimene lero palibe angaloledwe kuchita. Mu 1924 Mary Cover Jones adachita chosemphana ndi chokoma. Panali kamnyamata ka zaka pafupifupi zitatu koopa kalulu. Iye ankakapatsa chakudya chimene kamakonda, kalulu ali m'khola patali, ndipo tsiku ndi tsiku ankamusendeza pafupi, nthawi zina pali ana ena osaopa akusewera naye, mpaka kamnyamatako kadayamba kumusisita. Pambuyo pake Joseph Wolpe, dokotala wobadwira ku Johannesburg amene adasamalirapo asilikali osokonezeka ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adakonza njirayi bwino, naifotokoza m'buku lake la 1958: munthu ayambe wakhazika thupi pansi, kenaka akumane ndi chomuopsacho pang'onopang'ono, kuyambira chochepetsetsa.

Onani kuti njira ziwiri zimene timakonda kunyumba zonse n'zolakwika. Ina ndi kumubisa munthu kotheratu ku chimene amaopa. Imaoneka ngati chifundo, koma mbewa imene simvanso mluzu siphunzira kuti mluzu wasanduka wabwino. Timinga tatsopano tija timamera pokhapokha mluzu ukulira ndipo choipa sichikubwera. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ina ndi kumukankhira pamoto, kumukalipira, kumuseka, kumuchititsa manyazi pagulu. Pamenepo mluzu walira ndipo nyesi yabweradi, kungoti yachokera kwa ife. Taona kale kuti zikatero toyamba kuthothoka ndi tomwe timangomera kumene.

Pali chinthu chinanso chimene ofufuza a pa yunivesite ya Tokyo, motsogozedwa ndi Yasushi Kiyokawa, akhala akuonetsa kwa zaka zambiri: khoswe amene adaphunzira kuopa mluzu, akaumva ali ndi mnzake wosaopa pambali, sauma kwambiri, ndipo amygdala yake sidzuka monga ikadachitira ali yekha. Mnzakeyo sachita kanthu kapadera. Amangokhalapo.

Kwa ife a mumpingo nkhaniyi ikutikhudza pamalo amodzi, pomwe mayi uja adalasidwa. Kuyeza chikhulupiriro cha munthu ndi kunjenjemera kwa manja ake ndi kulakwitsa muyeso. Sitimuuza wothyoka mwendo kuti akutsimphina chifukwa chosapemphera, ndipo tsopano tikudziwa kuti mantha otere nawonso ali ndi malo ake m'thupi, okhoza kujambulidwa. Owerenga Malembo akukumbukira kuti m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, Eliya adathawa ndi mantha atangochoka kumene pa chipambano cha pa phiri la Karimeli, ndipo chithandizo choyamba chimene adalandira m'chipululu chidali tulo, chakudya ndi madzi, kawiri konse, asanafunsidwe funso lililonse. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Munthu amene miyezi yapita akulota zoopsa, osagona, osatha kugwira ntchito, kapena amene wayamba kulankhula zodzipha, apite naye kuchipatala cha boma chapafupi akaonane ndi a zaumoyo wa maganizo. Kulinso chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mayi uja adapita, mng'ono wake atamukakamiza. Kunyumba adagwirizana zoti mvula yamasana ikayamba, yowaza chabe, azikhala awiriwo pakhonde, wina akusenda mtedza, wina akusoka, osathawira m'nyumba ndi kutseka makutu monga ankachitira. Masiku oyamba sankatha mphindi zisanu. Pofika mu Januwale ankatha kukhala mpaka mvula kukata, nthawi zina n'kuiwala kuti ikugwa. Chilimwe chitadutsa, mvula yoyamba ya chaka chotsatira idamubwezera pambuyo, moti adalira poganiza kuti ntchito yonse ija yapita m'madzi. Sidapite, ulendo uno zidamutengera masabata awiri okha kuti abwerere pakhonde. Yausiku, ya mphepo ndi mabingu, imamudzutsabe. Amayatsa nyali, n'kukagogoda kuchipinda kwa mng'ono wake, ndipo kachikwama kokhala ndi chiphaso ndi zovala za ana sadakachotsebe kuseri kwa chitseko.